Luso loseketsa atavala mkanjo wa usisteri

Wochita sewero akavekedwa mkanjo wa usisteri wa makedzana amakhala walandidwa pafupifupi zida zake zonse. Tsitsi labisika, makutu abisika, khosi labisika. Chiuno, mawondo ndi mapazi zamira m'nsalu yakuda yofika pansi. Chotsala ndi kankhope kozingidwa ndi nsalu yoyera, manja awiri otulukira m'mikono yotakata, ndi mawu. Ndi zitatu zokhazi amisiri amene anapanga filimu ya Sister Act mu 1992 anaumba nthabwala ya mphindi 100, ndipo ine ndimakonda kuiimika ndi kuibweza m'mbuyo kuti ndione bwino mmene anachitira.

Ambiri kuno kwathu nkhope ya Whoopi Goldberg anaidziwira mu Sarafina!, momwe anali mphunzitsi Mary Masombuka. Mafilimu awiriwa anatuluka chaka chimodzi. Mu Sister Act iye ndi Deloris, woimba m'nyumba ya juga mumzinda wa Reno, amene waona ndi maso ake chibwenzi chake, mkulu wa zigawenga, chikuphetsa munthu. Apolisi akukamubisa m'nyumba ya asisteri ku San Francisco podikira tsiku la mlandu, ndipo kumeneko akuvekedwa mkanjo n'kupatsidwa dzina loti Sisteri Mary Clarence. Nkhani yake ndi yomweyi, yopyapyala ndithu. Kulemera kwa filimuyi kuli m'kapangidwe.

Munthu wa ku Namitete safunika kumulongosolera kuti sisteri amaoneka bwanji. Chipatala cha St Gabriel chinayambitsidwa mu 1959 ndi asisteri a chipani cha Karimeli ochokera ku Luxembourg, ndipo ana a m'midzi ya kwa Kalolo akhala akukula akuona asisteri kuchipatala, kutchalitchi ndi pamsewu. Diso lotere silinamizika. Likaona sisteri wabodza pakanema limamutulukira msanga, phwete n'kuthera pomwepo. Ndiye ntchito yoyamba ya opanga filimuyi inali yosaseketsa n'komwe: kumanga nyumba ya asisteri yokhulupirika m'maso. Za m'tchalitchi anakajambulira pa tchalitchi chenicheni cha St Paul's ku San Francisco. Asisteri akuyenda mwaulemu, manja atapinda, akudyera pamodzi chakudya chosapatsa mudyo, akugona m'tizipinda tokhala ndi kabedi ndi mtanda pakhoma, basi. Dongosolo limeneli likakhazikika m'maso mwa woonera, Deloris safunikanso kuchita zambiri. Akangoponya mwendo motakata mkanjo n'kumakupiza uku ndi uku, kapena akangoyang'anitsitsa mbale ya chakudya chija, anthu afa kale ndi phwete.

Vuto lotsatira ndi ili: amayi ambirimbiri avala zofanana, woonera awasiyanitsa bwanji m'kanthawi kochepa? Apa luso lili pa kasankhidwe ka nkhope. Kathy Najimy, amene ndi Sisteri Mary Patrick, ali ndi nkhope yozungulira ndi masaya odzadza, ndipo nsalu yoyera ija ikamuzinga kumwetulira kwake kumadzaza malo onse otsalawo. Wendy Makkena, Sisteri Mary Robert, ndi wochepa thupi, wamanyazi, ndipo poti ndi wongoyamba kumene moyo wa usisteri anamuveka zosiyana ndi anzake, tsitsi la pamphumi likuonekera. Ukamufuna pagulu sumusowa. Mary Wickes, Sisteri Mary Lazarus, ndi wamtali, wa mphuno yakuthwa ndi mawu osasa. Anali ndi zaka zoposa 80, ndipo mkanjo wotere anali atauvalapo kale mu filimu ya The Trouble with Angels ya 1966. Pa piyano pali Sisteri Alma, gogo wovala kachipangizo kothandiza kumva. Aliyense anamupatsa chinthu chimodzi chokha choti agwire: uyu chimwemwe chosadziwa malire, uyu mantha, uyu kuuma kwa munthu amene anaona zambiri, uyu kusamva. Ndipo palibe amene amachitaya mpaka filimu kutha.

Mmisiri wamkulu wa nkhope ndi Maggie Smith, mkulu wa nyumbayo. Taonani pamene akukumana koyamba ndi Deloris. Wavomera kale kwa wansembe, Monsinyo O'Hara, kuti alandira mayi amene moyo wake uli pa chiswe. Akutsegula chitseko, akumuona mlendoyo ndi zovala zake za ku ntchito yausiku ndi tsitsi lake lotukumuka, akutsekanso chitsekocho, n'kukana. Palibe kukuwa, palibe kugwira kumutu. Nthabwala yonse yanyamulidwa ndi dzanja limodzi pa chitseko ndi kutalika kwa nthawi imene chitsekocho chinakhala chotsegula. Akanachedwa pang'ono kutseka bwenzi zikuoneka ngati akuganizira. Akanafulumira bwenzi woonera asanamuone bwino Deloris. M'filimu yonseyi mayiyu amagwira ntchito ndi zikope, ngodya za milomo ndi khosi limene amaliwongola pang'onopang'ono akakhumudwa. Poti iye sagwedezeka, aliyense wogwedezeka pafupi naye amaseketsa kawiri.

Tsopano kwaya, pamene pali mtima wa ntchito yonse. Aliyense amene anakhalapo pa pulakatisi ya kwaya ya tchalitchi, kaya ku Nambuma kaya ku Mpingu, amadziwa kuti woimba wozolowera khutu lake limamukokera lokha ku kiyi yolondola. Kumuuza kuti aphonye mwadala ndi kumusenzetsa katundu wolemera. Ena mwa amayi a m'kwaya imeneyi, monga Beth Fowler ndi Ruth Kobart, anali akatakwe a zisudzo zoimba za ku Broadway mumzinda wa New York, koma pa Misa yoyamba anayenera kuimba ngati anthu osaidziwa nyimbo. Nyimbo yake ndi Hail Holy Queen, yochokera ku Salve Regina, pemphero lija timanena potsiriza korona. Phokoso wamba siliseketsa, limangotopetsa makutu. Kuipa kwa kwaya iyi n'kokonzedwa mosamala, ndipo ukatchera khutu umatha kutola zolakwika chimodzichimodzi. Mary Patrick wakwera pamwamba zedi ndipo wameza anzake onse. Mary Robert akungogwedeza milomo, mawu osatuluka. Ena akulowa mochedwa, ena akukoka nyimbo m'mbuyo, a mawu aakulu ndi a mawu aang'ono aima mosakanikirana. Cholakwika chilichonse chaikidwa poyera kuti woonera achikumbukire, chifukwa chilichonse chidzakonzedwa iye akuona. Amene anayala nyimbo za m'filimuyi, Marc Shaiman, anayenera kudziwa bwino mmene kwaya yabwino imamangidwira kuti athe kuiphwasula mwadongosolo chonchi.

Deloris akutumizidwa ku kwaya ngati chilango, atagwidwa kuti anazemba usiku kupita ku bala. Chimene akuchita kumeneko mphunzitsi aliyense wa kwaya angachizindikire. Sakuyamba ndi nyimbo. Akufunsa kaye kuti a besi ndani, a alto ndani, a sopulano ndani, n'kuwasuntha kuti gulu lililonse liime pamalo pake, munthu amve mawu ofanana ndi ake kumanja ndi kumanzere. Kenaka akupempha noti imodzi yokha pa gulu lililonse: a besi D, a alto F sharp, a sopulano A. Kwa akwaya athu amene amawerenga nyimbo pa do, re, mi, amenewa ndi do, mi, so basi, mu kiyi ya D, mawu atatu amene akalira pamodzi amakhazika mtima pansi. Ndi pa mawu atatu amenewa pamene nyimbo zambiri za m'tchalitchi zimayambira ndi kuthera. Poyamba zikukanika. Alma sanamve n'komwe kuti akuitanidwa, mpaka kumukumbutsa kuti aone batire la kachipangizo kake kaja.

Ndiye Deloris akutenga anthu mmodzimmodzi. Mary Patrick sakumudzudzula. Akumuyamikira kaye kuti ali ndi mawu amphamvu, kenaka n'kumupempha kuti atsike pang'ono, aimbe pamodzi ndi anzake osati pamwamba pawo. Mary Robert akumukokera kutsogolo, akumuuza atsinzine, aganize kuti ali m'chipinda chodzadza anthu aphokoso ndipo mawu ake ayenera kukafika kwa munthu amene ali kumapeto. Mawu akutuluka, koma aang'ono, onjenjemera. Apa Deloris akuika dzanja pamimba pa mtsikanayo n'kukanikiza, noti n'kuphulika yoyera, yokwera, mwini wake n'kudzidzimuka nayo. Pansi pa mapapo pali mnofu wopyapyala wotambalala, madokotala amati dayafulamu, umene umatsika tikamakoka mpweya. Woimba wophunzira amasunga mpweya kumeneko n'kumautulutsa pang'onopang'ono ndi minofu ya pamimba, osati kufinya pakhosi. Ntchito ya miyezi yambiri aipanikiza m'kamphindi kamodzi, komabe dzanja lija laikidwa pamalo oyenera, ndipo n'chifukwa chake ngakhale woimba weniweni amaseka mogwirizana nazo. Pomaliza magulu atatu aja akugwira do, mi, so kwa kanthawi kochepa chabe, asisteri n'kuyang'anana modabwa. Ndimachita kaso ndi kudziletsa kwa olemba: sanawapatse nyimbo yathunthu tsiku loyamba, anawapatsa masekondi awiri.

Pali kanthu kena kakang'ono pamenepa kamene wina aliyense amene anatsogolerapo gulu la mu mphakati angakamvetse. Mary Lazarus, amene wakhala akuimbitsa kwayayo, waona kuti udindo wamuchoka. Deloris sakumusiya achoke ndi mkwiyo. Akumuyandikira n'kumuuza kuti amayiwa akufunika munthu wa mwambo wowachititsa pulakatisi tsiku ndi tsiku, ndipo munthuyo ndi iyeyo. Gogoyo akufewa, nkhope ikadali gwa.

Pa Misa yotsatira akuimba nyimbo yomwe ija, ndipo kumeneku n'kuchenjera kwina: khutu la woonera lili ndi poyerekezera. Ndime yoyamba ikuyenda mofatsa, mawu ogwirizana bwino, monga nyimbo ya m'tchalitchi imakhalira. Kamera ikupita kwa mkulu wa asisteri, ndipo akumwetulira. Nyimbo ikuoneka ngati yatha. Kwa kamphindi kuli zii. Deloris akuponya dzanja, piyano ikuyamba kudumpha, asisteri akuwomba m'manja, mapewa akuyamba kuyenda m'kati mwa mikanjo ija. Amene anatsogolera filimuyi, Emile Ardolino, anali atakhala zaka zambiri akujambula magule pa wailesi yakanema asanapange Dirty Dancing mu 1987, ndipo amadziwa poimika kamera kuti thupi lobisika lionekebe kuti likuvina. Ntchito yodula ndi kulumikiza zithunzi inagwiridwa ndi Richard Halsey ndi Colleen Halsey. Umenewu ndi utelala weniweni: nsalu zajambulidwa zambiri, zina kutsogolo, zina chammbali, zina pafupi, zina patali, ndipo telala asankhe podula ndi posoka. Onani mmene anasokera. Kwaya yonse, kenaka nkhope ya mkulu uja kumwetulira kukuzimirira. Mary Robert akuimba yekha, kenaka achinyamata pamsewu akuima kumvetsera. Manja akuwomba, kenaka achinyamata aja ali pakhomo la tchalitchi, Monsinyo akuwakodola kuti alowe. Nkhani zitatu zikuyenda nthawi imodzi, popanda wolankhula, ndipo msoko uliwonse ukugwera pa kugunda kwa nyimbo.

Kwa ife kuwomba m'manja pa Misa si nkhani. Chichokereni msonkhano wachiwiri wa Vatican, wa 1962 mpaka 1965, ng'oma, visekese, nthungululu ndi atsikana ovina zinalowa m'tchalitchi ndipo zinakhazikika. Mkhristu wa ku Nsaru sangaone chachilendo pa zimene asisteriwo akuchita. Chimene chimamuseketsa ndi nkhope imodzi ija imene ikuuma pang'onopang'ono pakati pa anthu osangalala. Pempherolo silinyozedwa paliponse; amene akusekedwa ndi anthu, ndi mantha awo ndi kunyada kwawo.

Mawu amene timamva pamenepa sanaimbidwe nthawi yojambula zithunzi. Mwa chizolowezi cha mafilimu a nyimbo, nyimbo imajambulidwa kaye mu situdiyo, kenaka imaseweredwa pa sipika ochita sewero n'kumaitsatira ndi milomo, mobwerezabwereza, kamera ikusintha malo. Whoopi Goldberg anaimba yekha, koma mawu a Mary Robert ndi a woimba wina, Andrea Robinson. Ukadziwa zimenezi umayamba kumuonera Wendy Makkena mwa mtundu wina. Milomo yokha siikwanira. Ayenera kukoka mpweya pamene mwini mawu anakokera, mitsempha ya pakhosi iume pa noti yokwera, nsagwada itseguke mulingo wa mawu amene akutuluka, maso aonetse kudabwa kwa munthu amene sanadziwe kuti angaimbe chonchi. Anthu awiri akuumba sisteri mmodzi, ndipo msoko wake suoneka.

Nthabwala zotere n'zosachedwa kusweka. Mafilimu ambiri amene anthu amakabenetsa pa Nsaru kapena pa Namitete amabwera ndi mawu a womasulira m'Chichewa, amene amatsitsa mawu a filimu, n'kulankhula, n'kuwakwezanso. Aluso mwa iwo amaseketsa kuposa filimu yeniyeniyo. Koma filimu ngati iyi imafuna womasulira wodziwa pokhala chete. Akalankhula pa kamphindi kaja ka zii piyano isanadumphe, kapena chitseko chija chisanatsekedwe, wapha chimene amisiri anachisamala kwambiri.

Zaka 40 Sister Act isanatuluke, ku Italy kunapangidwa filimu ya Don Camillo, ya 1952, yotsogoleredwa ndi Julien Duvivier kuchokera ku nkhani za Giovannino Guareschi. Fernandel ndi wansembe wa nkhonya zolemera, Gino Cervi ndi Peppone, meya wachikomyunizimu, ndipo awiriwa amakangana tsiku ndi tsiku m'mudzi wa Brescello. Chida chachikulu cha filimuyo ndi mtanda wa m'tchalitchi umene umalankhula ndi wansembeyo. Nkhope ya Yesu ndi yamtengo, siigwedezeka. Timangomva mawu ofatsa, kamera ili pa nkhope yaitali ya Fernandel imene ikukana, kuchonderera, kuchita manyazi. Nkhope youma yapatsidwa moyo ndi nkhope ina imene ikuiyankha.

Luso limenelo la nkhope yosagwedezeka eni ake enieni ali konkuno, m'mabwalo a gule wamkulu a kwa Kabudula, kwa Khongoni ndi kwa Kalolo. Ansembe a chipani cha White Fathers anatsegula Mua mu 1902, Likuni ndi Kachebere mu 1903, kenaka Nambuma m'zaka za m'ma 1920. Mkangano wawo ndi eni mizinda unali waukulu, makamaka pa nkhani ya ana: apite ku sukulu ya mishoni kapena kudambwe? Ian Linden anaulemba mkanganowo m'buku lake la 1974 lonena za Akatolika ndi Achewa m'nthawi ya Nyasaland. Ndi m'nyengo ya kulimbana kumeneku pamene pabwalo pankatuluka zilombo za mayina a m'Baibulo: Maliya, Yosefe, Simoni. Achewa anatenga anthu a m'katekisimu ya azungu n'kuwavinitsa pafumbi. Za kudambwe ndi za eni ake. Zimene ndikunena pano ndi zimene aliyense woima pabwalo amaona.

Amene akufuna kuziona nkhopezi pafupi, zili duu, angapite ku Mua, ku nyumba ya Chamare ya pa Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher Chisale, wansembe wa ku Canada, anayambitsa mu 1976. Muli nkhope za gule zoposa 400. Ya Maliya imakhala yosalala, maso ang'onoang'ono, kamwa lofatsa. Ya Simoni ndi yofiira, khungu la mzungu amene dzuwa lamuwamba. Zikakhala pakhoma chonchi nkhope iliyonse imanena chinthu chimodzi chokha.

Pabwalo n'zosiyana. Apa zinthu zatembenuka: sisteri wa mu filimu anabisidwa thupi n'kusiyiridwa nkhope, pamene Maliya nkhope yake ndi youma, ndiye thupi lonse liyenera kulankhula. Amatuluka atavala duku, bulauzi ndi chitenje, nthawi zina kachidole kali kumsana. Akaweramitsa mutu pang'ono, mthunzi n'kugwera m'maso muja, ndi namwali wamanyazi. Akaupendeketsa chammbali, phewa limodzi n'kukwera, wasanduka mkazi wodziwa kuti akuonedwa, ndipo amayi amaseka mpaka kugwirana. Akaudzutsa, chibwano chili m'mwamba, ndi dona wonyada. Nkhopeyo sinasinthe ngakhale pang'ono; chasintha ndi khosi ndi mmene kuwala kukuigwera. Mapazi ake amayenda timasitepe tating'ono tofulumira, chiuno chikuyankha, manja akukonza chitenje chimene sichinamasuke n'komwe. Simoni amabwera ndi jekete, msana uli njo, akuyenda monyang'wa ngati bwalo lonse ndi lake, kenaka mwadzidzidzi n'kutimba fumbi ndi mphamvu imene sumaiyembekeza kwa bwana wotere. Phwete limabadwira pakati pa ulemu wa nkhope ndi zimene miyendo ikuchita.

Ndipo gule sagwira ntchitoyi yekha. Gunda amagunda pansi, mpanje amasunga mayendedwe, amayi amathira mang'ombe ndi kuwomba m'manja, koma amene amacheza ndi chilombo ndi woimba mbalule. Maso ake sachoka pa mapazi a gule. Phazi likatsetsereka iye amatsetsereka nalo, gule akaima chiriri iye amadula ng'oma pomwepo, bwalo lonse n'kukhala m'malere, kenaka onse awiri n'kugwera pamodzi pa kugunda kumodzi. Ntchito imene a Halsey anaigwira miyezi ali m'chipinda ndi zithunzi zojambulidwa kale, uyu amaigwira ndi zikhatho ziwiri, pamaso pa anthu, popanda mwayi wobwereza. Akaphonya, gule amamuonetsa poyera kuti waphonya, ndipo chimenechonso anthu amaseka. Zikagwirizana, amayi amathamangira pakati kukasupa, tsabwalo amabweza ana amene adzadza kutsogolo, ndipo Maliya amatuluka m'bwalo anthu akumufunabe. Gule wina amakhala ali kale panjira kuchokera ku liunde, ndipo anyamata amathamangitsira mbalule ku moto wa udzu kukaiwambanso, chifukwa chikopa chimakhala chayamba kulefuka.